Mutu wa Kadona Ndinauluka Theka

Lolemba, 3 Juni

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Dulaya ili phee pakona, makasitomala awiri abwerera. Msana ukuwawa. Lendi ya mpando wanga mu saluni muno sinakwane, eni ake ayamba kale kuyankha moni wanga ndi mphuno.

Masana kwabwera a Ndolo. Dzinali ndinawapatsa ndine, chifukwa cha ndolo zawo zazikulu ngati zogwirira ndowa. Mayi wathupi, zikhadabo zopenta, pefyumu wochita kukutsamwitsa. Akatuluka fungo limagona momwemo mpaka mawa lake. Ntchito yawo ati amatumiza atsikana kunja, kumahotela, ndipo asananyamuke amawabweretsa kuno kudzaluka. Lero atatu. Onse sitayilo imodzi monga mwa masiku onse, tizingwe ta meshi, tolimba, toti tikhalitse.

Eni saluni kutsala pang'ono kunyambita nsapato. Mpando wabwino, chakumwa chozizira, madamu uku, madamu uko. Nseru.

Chondinyansa china ndi ichi. Munthu ukamugwira mutu amayankhula. Za chibwenzi, za apongozi, za amene walanda mwamuna wa yani. Ntchito yathuyi theka lake ndi makutu. Koma ana obwera ndi a Ndolo, zii. Ndinafunsa woyamba kuti kwawo n'kuti, anayankha a Ndolo. Ndinafunsa ngati ndikukoka kwambiri, anayankhanso a Ndolo kuti ayi, sakumva kuwawa. Mutu wa mwana, wodziwa ululu wake mayi wina. Mafoni awo onse ali m'chikwama cha madamu, ati angataye.

Mnzanga wometa, wa mpando wa pakhomo, anandinong'oneza kuti mwina anawa amawadula msonkho akatsegula pakamwa. Ndinaseka, kuseka kwa pamano chabe.

Mng'ono wanga waimba. Ati ndipite Lamulungu, kuli nkhani yabwino. Kwawo kuja nkhani yabwino imakhala yoti alamu asiya mowa, ndipo amausiya mwezi uliwonse.

Lachinayi, 6 Juni

Ndamaliza wachitatu. Zala zatupa, mphete yakana kuvuka.

Kamwana kameneka abale. Pachifuwa sipanamere bwino n'komwe. Ndinafunsa zaka. A Ndolo, osadzutsa maso pafoni, ati kakwana kale. Kakwana chiyani? Kanapempha kupita kuchimbudzi, mayi wamkulu ndithu ananyamuka ndi chikwama chake kukaima pakhomo pa chimbudzi chathu chonunkha chija mpaka katuluke. Ndi pefyumu yense uja. Chikondi chanji cholondera munthu pokodza?

Kenako kunatulukira Kadona, mwana woyamba wa mng'ono wanga, ati wadzandiona. Kadona kudzandiona ine? Mwana wobwera pokhapokha tsitsi likasokonekera? Milomo yopaka, bulauzi yatsopano. Analowa n'kuyamba kugwadira a Ndolo asanandipatse moni ine amayi ake aakulu. Iwo n'kumugwira chibwano, kumutembenuza nkhope uku ndi uku ngati akugula mbuzi. Akudziwana. Kuyambira liti?

Chakudya chamasana ndapatsa wometa.

Lamulungu, 9 Juni

Nkhani yabwino ija ndaimva. Bola ndikanangogona kwathu.

Pabalaza matiresi atsopano, akadali m'pulasitiki, awaimika kukhoma kuti aliyense wolowa awaone. Alamu foni yatsopano, kungoisisita. Nsapato zonyezimira, munthu amene ntchito anaiona komaliza Kadona ali kumsana. Shuga, sopo, mafuta ophikira pashelefu mbwee. Zonse a Ndolo. Ati mphatso chabe, yodziwanirana.

Kadona akupita kunja kumapeto a mwezi uno, kukalandira alendo pahotela. Mwana amene mayeso anamukana, chiyankhulo cha kumeneko sadziwa n'liwu limodzi lomwe. Ndege, pasipoti, zovala, zonse alipira a Ndolo, iye azikabweza pang'onopang'ono akayamba kulandira.

Ndinafunsa dzina la hotela. Sakudziwa. Mzinda wake? Waukulu. Bwana wake ndani? Munthu wina wolemera, wabwino mtima. Pepala la ntchito lili kuti? Akasaina komweko. Pasipoti ndiione. Akusunga madamu. Kadona mwini wake anaulula monyadira kuti zaka anamuwonjezera kuti aoneke wamkulu, komanso anamujambula zithunzi, cha kutsogolo, cha kumbuyo, atavala kasiketi kolekeza m'ntchafu. Hotela yanji yofuna kuona kumbuyo kwa munthu isanamve ngati amatha kupereka moni?

Ndipo tisauze aliyense, ati ansanje angatseke mwayi.

Ndinati izi sizikundikhalira bwino. Basi, ndinaputa mavu. Alamu anati, "Nsanje, alamu. Inu mwakalamba mukununkha mafuta a m'mitu ya anthu, ndiye mukufuna mwanayu adzanunkhenso?" Mng'ono wanga, mwana amene ndinamubereka kumsana kwangaku, anangoti maso pamatiresi. Mzime, wamng'ono wa Kadona, amene pulayimale sanamalize, ankatsuka mbale panja. Anasuzumira n'kufunsa ngati bedi la achemwali likhale lake. Anandiperekeza ndi iyeyo basi.

Atatha kundinyoza, makolo a Kadona anakumbuka kuti tsitsi la paulendo ndiluke ine, kwaulere. Sindinavomere, sindinakane. Manyazi anathera kuti anthu awa?

Lachiwiri, 11 Juni

Kuzizira. Anthu awiri okha tsiku lonse. Meshi yakweranso mtengo.

Mwina ndi nsanje ndithu? Ndadzifunsa uku ndikutsuka zipeso. Ine ndege ndimangoionera m'mwamba. Mwina ndine mayi wowawa mtima, wosafunira ana zabwino.

Kunabwera mayi wa kaunjika, kasitomala wakale, amene mwana wake anapita ndi a Ndolo chaka chatha. Ndinamufunsa mozungulira. Nkhope yowala, ati mwana ali bwino kwambiri. Amaimba? Amaimba mwa apo ndi apo, nambala yobisika, iwe sungamuimbire. Amati chiyani? Ali bwino, ntchito ili bwino, azimupempherera. Nthawi zonse? Nthawi zonse mawu omwewo, kenako foni imaduka. Za anzake, za chimene wadya, za mmene kumeneko kulili, palibe. Tsiku lina anamva mwamuna akutsokomola pafupi. Watumizapo kanthu? Ayi, akubwezabe za ulendo.

Mwana ameneyo ndikumudziwa, anali wailesi yosathima. Mayi ake akunena zonsezi akumwetulira pagalasi, kusankha mtundu wa meshi. Ndinamukoka tsitsi kupyola muyezo, andikhululukire.

Lachinayi, 13 Juni

Kadona ndakumana naye pamsewu, akusisita pamkono. Ndinafunsa. Ati madamu anamuperekeza kokabayitsa jakisoni wakulera, ndi lamulo la hotela kuti atsikana asamadodometse ntchito. Ananena mosaphethira. Ndinati apemphe nambala ya mtsikana mmodzi yekha amene ali kale kumeneko, ndiyankhule naye. Ati anapempha, madamu anati onse ndi otanganidwa, ndipo wofunsafunsa amamusiya, ofuna malowa ndi ambiri.

Makolo ake akudziwa za jakisoni. Mng'ono wanga ati bola, sadzabwera ndi mimba.

Ndalavula m'ngalande.

Lachisanu, 14 Juni

Sindinadye. Sindingathe.

Cha kummawa, eni saluni atapita kokaoda katundu, panaima galimoto yoyera ya magalasi akuda. Munatuluka mwamuna wachipewa, wosamudziwa, ndi mtsikana womanga mpango mpaka m'nsidze. Mwamunayo anati timasule, titsuke, tiike wigi, mwachangu. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni atatambasula miyendo.

Nditachotsa mpango, fungo. Mayo ine. Ngati galu wofera m'ngalande. Tizingwe tamerera kutali ndi khungu, kunsi kwake tsitsi lagwirana chiguduli. Nsabwe kuyenda poyera, osaopa munthu. Kunkhongo chilonda cha mafinya, pena tsitsi linachita kuzulidwa, padazi. Ndinatuluka kukalavula, n'kubwerera.

Ndikuyang'anitsitsa mizere. Woluka aliyense amadziwa dzanja lake. Ine ndine wamanzere, mzere wanga kunkhongo umapendekera kumanja, ndipo nsonga ndimamanga kawiri ndisanawotche. Mutu uwu ndinaluka ndine, kumapeto a chaka chatha. Mmodzi wa ana obwera ndi a Ndolo, wa mpata kumano, amene tinamutsanzika kuti akukakwera ndege. Kuyambira tsiku lija palibe anamumasula.

Maso athu anakumana pagalasi. Anandizindikira. Anayang'ana kukhomo, n'kuzyolika.

Kumasula kunakanika, tambiri ndinachita kudula ndi sizasi. Pamkono zipsera zozungulira, za ndudu. Ndinamufunsa mokweza ngati akufuna madzi ofunda, wachipewa n'kuyankha kuti alionse. Nayenso woyankhira anthu.

Sinki yathu ili kuseri kwa katani. Ndinatsegula mpopi mwamphamvu. Wometa, Mulungu amudalitse, anayatsa makina ake ndi wailesi ngakhale analibe womumeta. Ndinawerama ngati ndikutikita shampu. Mwana anayankhula milomo isakugwedera. Ndege sanaione. Anayenda pagalimoto, panjira anawagawa, ena anawoloka malire, iye anamubweza m'tauni mom'muno. Nyumba ya mpanda wautali, dera lake sakulidziwa, kutuluka ndi pagalimoto basi. Amuna amabwera, ndalama amalandira ena. Ngongole ya ulendo umene sanayende imakula tsiku ndi tsiku, chakudya, sopo, ngakhale mankhwala akadwala. Akathawa, ati akudziwa kumene amayi ake amakhala. Saluni waloza yekha lero, wachipewayo ndi watsopano, sadziwa kuti anayambira pano.

Ndinati ndikuwa. Anandigwira dzanja m'madzi momwemo, zikhadabo kulowa. "Musatero, akandipha. Koma ana amene amabwera nawo aja musamawaluke, amayi."

Ndinamupaka mankhwala pachilonda, n'kumuveka wigi pamwamba pa mafinya. Ine, ndi manja angawa. Wachipewa analipira osanyinyirika, anati tsopano waoneka munthu. Nambala ya galimoto yopakidwa matope, ndinangoona zilembo zoyambirira.

Thawulo ndataya. Zipeso ndawiritsa. M'manja ndasamba mpaka kusupuka, fungo likadalipo.

Loweruka, 15 Juni

Kupolisi. Benchi yolimba, mzere wautali. Wa pakauntala anayamba ndi kufunsa kuti andibera chiyani. Kenako ananditumiza kwa mayi wina wa ofesi ya kuseri, woona za ana ndi amayi. Ameneyo anamvetsera osandidula. Anati dzina lake la zimenezi ndi kugulitsa anthu, ndipo zonse ndinaona zija ndi mmene amachitira: ntchito yopanda dzina, mphatso kwa makolo, mapepala ndi foni kulanda, changu, chinsinsi. Ati nthawi zambiri wonyengayo si mlendo woopsa, ndi munthu amene mumamuphikira tiyi. Za a Ndolo anamvapo kale, chimene chikusowa ndi kuwapeza ali ndi ana m'galimoto. Ndifufuze tsiku ndi malo onyamukira, ndimuimbire. Chachikulu, mayiyo asamve kanthu.

Ndinadzera kwa mng'ono wanga. Ndinamufotokozera za mutu uja, za nsabwe, za ndudu. Anati atsikana ena amayamba okha uhule akafika, wake analeredwa bwino. Akunena izi atakhala pamatiresi paja, pulasitiki ikulira.

Ndiye nditani? Mwana ndi wawo. Atsala ndi achimwene, malume a anawa. Mawu awo alamu amawaopa.

Lamulungu, 16 Juni

Kwa achimwene titaweruka kutchalitchi. Jekete, magalasi pamphuno. Munthu wa misonkhano, wapampando wa chilichonse, komiti ya sukulu, ya chitukuko, ya kwaya ngakhale saimba. Anamva zonse akugwedeza mutu. Ndinawauza ndi za apolisi zomwe, ndinawachonderera kuti zikhale za awirife, iwo angoletsa ulendo monga malume, chifukwa chake apeke china chilichonse. Anati, "Usade nkhawa, mlongo wanga, nkhani ngati iyi imafuna akuluakulu."

Ndabwerako mtima utatsikako. Ndadya. Ndachapa.

Lachiwiri, 18 Juni

Asa! Akuluakulu!

Achimwene dzulo anamanga tayi, anatenga alamu, n'kupita kwa a Ndolo. Kukatani? Kukamva mbali yawo. Ati si bwino kuweruza munthu usanamumve. Anakhala pasofa, anapatsidwa zakumwa ndi mabisiketi, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati zili zoona kuti madamu amagulitsa ana, poti mlongo wawo wa ku saluni akutero ndipo wakanena kupolisi. Anatchula ndi za mtsikana wa mpata kumano zomwe, ndi tsiku limene anabwera. Ankafuna mayiyo ayankhe chiyani? Kuti eya ndimagulitsa, onjezani bisiketi?

A Ndolo ati analira. Anawaonetsa zithunzi za atsikana ataima pafupi ndi dziwe losambiramo, anapemphera nawo. Achimwene anandiimbira okha, mawu a munthu wokhuta, kuti afufuza, mayiyu ndi woopa Mulungu, ndikapepese. Ndinadula foni ndisanatukwane mwana wa mayi anga.

Mtsikana uja. Tsopano akudziwa kuti anayankhula. Amuchita chiyani? Ndinalakwa kudalira jekete.

Ulendo wa kumapeto a mwezi wasintha. Ati malo a m'ndege apezeka, anyamuka mkuja, Lachinayi. Eni saluni nawo amva, andikalipira pamaso pa makasitomala kuti ndikuthamangitsa munthu wobweretsa ndalama. Ndinawafunsa ngati zaka zonsezi sankadabwa. Anati iwo amaona za tsitsi, za eni sizikuwakhudza.

Mayi wa kupolisi ndamuimbira. Anausa moyo. Galimoto yawo yapita kutali kuntchito ina, ayesetsa. Ati chimene ndingathe ndi chimodzi, mwanayo asachoke m'manja mwanga.

Lachitatu, 19 Juni

Ndakapepesa. Inde, ine. Kugwada pamaso pa alamu, munthu wonunkha mowa wa dzulo, kunena kuti ndinalakwitsa, inali nsanje. Anandikhululukira ali chigonere. Ndinati mwana asapite ndi mutu wa chisa cha mbalame, ndimuluke. Zaulere sakana anthu aja.

Kadona pampando wanga kuyambira m'mawa. Ndinamuonetsa pachithunzi tizingwe tating'ono kwambiri, tosatha tsiku limodzi, ndinati ndi timene akuluka akunja. Anakopeka pompo, mwana ameneyu galasi ndiye mulungu wake. Ndinayambira kumanzere kokha, pakhutu mpaka paliwombo, m'malo moyambira kunkhongo monga timachitira. Wometa anaona, anakweza nsidze. Mutu woyambira kunkhongo ukatsalira umabisika, umangomanga pamwamba n'kumapita. Wa mbali imodzi ayi.

Pang'onopang'ono. Tina kumasula, ati takhota. Ndinayesa kumuuza za mtsikana uja. Anangoti, "Amayi aakulu, inu munazolowera kuvutika," n'kutseka m'makutu ndi timawaya ta nyimbo. Kankhongo kake ndi komwe kaja ndinkakasambitsa m'beseni, kachipsera ka pamene anagwa pakhonde kakadalipo. Ndinalira kumbuyo kwake, iye maso pafoni.

Potseka, theka. Kumanzere dona wa pakanema, kumanja tchire. Anakwiya, anati ndakalamba manja. Ndinavomera. Ndinati agone kwanga tilawirire. A Ndolo aimba kangapo, ati galimoto idzamutengera ku saluni konko.

Lachinayi, 20 Juni



Tinalawirira ndithu, koma ine zala zozizira dala. Mayi wa kupolisi ati ali m'njira. Dzuwa likukwera, akadali m'njira.

Galimoto yoyera. Yomwe ija, matope panambala. Wachipewa pachiwongolero. Chitseko chitatseguka ndinaona kumbuyo timitu titatu tija ndinaluka kumayambiriro a mwezi. A Ndolo analowa opanda moni, opanda pefyumu, thukuta lokhalokha. Ataona mutu wa Kadona anayang'ana ine, anadziwa. Anauza mwana kuti amange mpango anyamuke. Kadona, ndi kamawu kake konyengerera kaja, anati madamu adikire pang'ono, akatsika bwanji ndege ndi mutu wotere, kuhotela akamuseka.

"Kumene ukupita palibe akayang'ane kumutu. Dzuka."

Ndinaona pagalasi nkhope ya mwana ikusintha. Zimene pakamwa panga panalephera masiku onsewa, anamuuza okha a Ndolo.

Anamugwira pamkono n'kukoka. Ine kachingwe kamene ndinkaluka ndinali nditakakulunga kuzala, sindinasiye. Mutu kwa ine, mkono kwa iwo. Mwana anakuwa. Ndikudziwa zinawawa, tsitsi lina latsala m'manja mwanga. A Ndolo anamuwaza mbama, ati amuwonongera zambiri, ndi katundu wawo. Katundu! Kadona anakoloweka miyendo kumpando, manja onse kugwira chitsulo. Wometa anaima pakhomo ndi lumo m'manja, wachipewa amene ankatsika anabwerera pampando wake. Ine kukuwa mpaka a m'mashopu oyandikana anatuluka, osoka nsapato, okonza mafoni, ndi mayi wa kaunjika yemwe, kukamwa yasa. Eni saluni anakadzitsekera kuchimbudzi.

Hutala inalira. A Ndolo anasiya. Anakonza ndolo imene inapendekeka, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Zanga sizilowa m'madzi," anatero, n'kutuluka. Ndinakuwa kuti atchinge galimoto, muli ana. Anthu kungojambula ndi mafoni, ena kuseka mutu wa Kadona. Inapita.

Apolisi anafika dzuwa litapendeka. Analemba, anafunsa, ati adziwitsa anzawo a m'misewu. Mayi wa kupolisi uja anagwira Kadona paphewa nthawi yaitali.

Ali pano, pabedi langa, tsaya lotupa, mutu theka. Koma ali pano. Anapempha tiyi, ndinathira shuga wambiri. Mpando wanga ku saluni mwina wapita, kaya. Mng'ono wanga sakuyankha foni, akwiye kaye, zawo zimenezo. Mawa ndikamutula ndekha, ndikawaonetse tsayali.

Lachisanu, 21 Juni

Tinafika cha kummawa. Pakhomo posasesa, mbale za dzulo zili mbwee. Mng'ono wanga pakhonde, maso ofiira, osadzuka. Alamu m'kati, pamatiresi, pulasitiki achotsa tsopano, akusewera ndi foni. Ndinakankhira Kadona kutsogolo kuti aone tsaya. Palibe anayang'ana.

Pampando yunifolomu ya sukulu, nsapato zake pansi. Lero Lachisanu. Ndinafunsa kuti Mzime wapita kusukulu atavala chiyani.

Anayankha ndi alamu, maso pafoni. A Ndolo atachoka ku saluni anadzera kuno. Anafuna zawo zonse pompo, matiresi, foni, nsapato, za pasipoti, apo ayi awamangitsa. Kenako anafewa, anati poti ndi anthu abwino awachitira chifundo, malo m'galimoto alipo kale, wamng'onoyu nayenso akuoneka wochangamuka. Mapepala akakonza kutsogolo. Alamu anakamutenga okha kusukulu nthawi yopuma, anangodzavula yunifolomu.

"Mwayi usachoke pabanja," anatero.

Mng'ono wanga anatsegula pakamwa koyamba. Ati ndachititsa ndine, ndikanasiya wamkulu apite, ameneyo bola amadziwa za dziko.

Ndinasanza pakhonde pawo pomwepo. Sindinakolope.

Kadona anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kuzula tizingwe ndi manja. Osati kumasula, kuzula. Ndinamuleka. Ndaimbira mayi wa kupolisi, ati tipite msanga ndi chithunzi cha mwana. M'nyumba monse chapezeka chimodzi, cha kusukulu.

Tili pabenchi yolimba ija, ndikulemba pabondo, tikudikira atiitane. Chithunzi chili apa. Kolala yopindika, makutu otuluka, mutu wometa mpala monga amafunira aphunzitsi. Alibe n'tsitsi lomwe loti munthu n'kugwira.